Mfuti ya m'manja ku Joni: kuyambira pa mapepala mpaka pa lamba

Munthu akangothyoleredwa nyumba, kapena kulandidwa foni ndi malipiro a mwezi wonse potsika taxi madzulo, funso lake limakhala limodzi: "Achimwene, mfuti ndingaipeze bwanji?" Ndalimva kambirimbiri kwa abale athu kuno ku Gauteng, ndipo mantha amene amabala funsoli ndimawadziwa chifukwa inenso anandigwirapo. Ndili ndi mfuti ya chiphaso, ndipo ndikuuzani momwe nkhaniyi imayendera ku South Africa kuno. Ntchito yaikulu ili pa mapepala, pa kasungidwe ndi pa kuphunzira. Kuwombera n'kachigawo kakang'ono, kamene ndimapemphera kuti kasadzakufikireni.

Yambani ndi kudziwa ngati lamulo likukulolani

Zonse za mfuti kuno zikuyendetsedwa ndi Firearms Control Act 60 ya 2000, imene inayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 July 2004. Gawo 9 likunena kuti wofuna mfuti akhale wa zaka 21 kapena kuposa, komanso akhale nzika ya South Africa kapena munthu wokhala ndi chilolezo chokhazikika m'dzikomo, chija cha permanent residence. Ambiri a ife tithera pomwepa. Pemiti ya ntchito sikwanira, ya sukulu sikwanira, pasipoti yodinda masiku ndiye ayi.

Ngati mulibe chilolezo chokhazikika, musayese njira yachidule. Mfuti zogulitsa mobisa zilipo, ndipo wina adzakuuzani kuti akupezerani motchipa. Mfuti yotero simudziwa kumene yadutsa. Mwina inabedwa kwa wapolisi, mwina inaphapo munthu, ndipo apolisi akaiyeza mlandu wakalewo udzagwera amene wapezeka nayo. Kusunga mfuti popanda chiphaso kungakulowetseni m'ndende zaka mpaka 15. Kuonjezera apo, lamulo la zilango la 1997 limaika zaka 15 ngati chilango choyambira kwa wopezeka ndi mfuti ya semi-automatic, ija yodzilowetsera yokha chipolopolo china ikawombera, popanda chiphaso, pokhapokha woweruza atapeza zifukwa zamphamvu zochepetsera, ndipo pistol wamba pafupifupi zonse zili m'gulu limeneli. Ana amene mumawatumizira ndalama kumudzi adzadya chiyani zaka zonsezo? Limbitsani zitseko, ikani zitsulo m'mawindo, gwirizanani ndi oyandikana nawo, lowani m'magulu a chitetezo cha m'dera amene amagwira ntchito ndi apolisi. Za mfuti zisiyeni.

Amene mapepala anu ali bwino, dzifunseni kaye zinthu zingapo musanataye ndalama. Mowa mumamwa motani? Mukapsa mtima mumatani? M'banja mwanu mumamenyana? Kodi inu kapena wina m'nyumbamo anaganizapo zodzipha? Ngati pali yankho limene likukuchititsani kuzengereza, mfuti isalowe m'nyumba mwanu. Mkangano umene ukanatha ndi kulalatirana umatha ndi maliro pakakhala mfuti pafupi. Lamulo nalonso limaona zimenezi: magawo 102 ndi 103 amalola kuti munthu wochita nkhanza m'banja, woopseza kudzipha kapena kupha wina, kapena chidakwa, agamulidwe kuti sayenera kukhala ndi mfuti. Kambiranani ndi akazi anu kapena amuna anu momasuka. Akakana, mveraniko, chifukwa nawonso amagona m'nyumba yomweyo.

Sukulu ndi mapepala

Choyamba n'kupita kwa ophunzitsa ovomerezeka. Masitolo ambiri a mfuti ali ndi malo owomberera ndi aphunzitsi awo, koma funsani umboni woti ndi ovomerezeka ndi PFTC, bungwe loyang'anira maphunziro a mfuti, komanso apolisi. Mudzaphunzira magawo awiri: 117705 wa kudziwa lamulo la mfuti, ndi 119649 wa kugwira ndi kugwiritsa ntchito mfuti ya m'manja. Pali mayeso olemba ndi mayeso owombera chandamale. Buku limene akupatseni muliwerenge ndithu, musamangoloweza mayankho. Pamene simunamve funsani, paja safunsa anadya phula.

Mukakhoza, tengani satifiketi yanu, chitupa ndi zithunzi kupita ku polisi ya m'dera lanu kwa wapolisi woona za mfuti, amene aliyense amangomutcha DFO. Kumeneko mudzalemba fomu ya SAPS 517 yopempha satifiketi ya competency, yotsimikiza kuti ndinu woyenera. Adzadinda zala zanu, adzafufuza ngati munapalamulapo, ndipo angathe kufunsa a m'banja mwanu kapena anthu okudziwani za khalidwe lanu.

Kenako pamabwera chiphaso chenichenicho. Chiphaso chimaperekedwa pa mfuti imodzi yodziwika ndi nambala yake, choncho mumagula kaye mfutiyo n'kuisiya m'sitolo mpaka chiphaso chitatuluka. Fomu yake ndi SAPS 271, ndipo chiphaso chodzitetezera chili pansi pa gawo 13: mfuti imodzi yokha, kwa zaka 5. Limodzi ndi fomuyi mumapereka kalata yofotokoza chifukwa chimene mukufunira mfuti. Kalatayi muilembe ndi mtima wonse komanso zoona zokhazokha. Nenani kumene mumakhala, nthawi imene mumaweruka, njira imene mumadutsa, ngati mumanyamula ndalama za bizinesi, manambala a milandu imene munakanenapo ku polisi, ndi zimene mwayesa kale pofuna kudziteteza. Kalata yokopera pa intaneti imaonekeratu.

Mapepala amapita ku Central Firearms Register ku Pretoria, ndipo yankho limatenga miyezi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Sungani fotokope ya chilichonse ndi malisiti onse. Akakukanani mungathe kuchita apilo ku Appeal Board. Tsiku limene mudzalandire khadi la chiphaso, lembani pomwepo tsiku lothera, chifukwa gawo 24 limafuna kuti mupemphe kuonjezera nthawi kutatsala masiku osachepera 90. Mu 2018 Constitutional Court inagamula kuti chiphaso chikatha chatha, ndipo anthu ambiri anapezeka akusunga mfuti mosemphana ndi lamulo chifukwa chongoiwala tsiku.

Gulani safe musanagule mfuti

Apolisi amayenera kuona posungira panu chiphaso chisanatuluke. Pamafunika safe yachitsulo yogwirizana ndi muyezo wa SABS 953-1, yomangirira ndi mabawuti kukhoma kapena pansi. Ngati nyumba ndi ya lendi, pemphani chilolezo kwa mwini wake musanabowole khoma.

Mfuti ili ndi malo awiri okha: pathupi panu kapena mu safe yokhoma. Pansi pa pilo si malo, pamwamba pa wadirobu si malo, m'galimoto si malo. Ana amadziwa ngodya iliyonse ya nyumba kuposa ife, ndipo nyumba zathu sizisowa alendo: mlamu wangofika kumene, mwana wa achemwali akufuna ntchito, anzawo a ana akusewera. Kiyi ikhale pa inu nokha. Mfuti ikabedwa kapena kutayika, lamulo limafuna kuti mukanene ku polisi pasanathe maola 24, ndipo ikapezeka kuti inabedwa chifukwa cha kusasamala kwanu, ndi mlandu. Mfuti zambiri zimene zigawenga zimatiopseza nazo zinali za anthu a ziphaso poyamba.

Kusankha mfuti

Musasankhe ndi maso kapena chifukwa mnzanu ali nayo. Pitani kumalo owomberera kumene amabwereketsa mfuti, muyese zitatu kapena zinayi. Dzanja lanu ndilo lidzakuuzani.

Mitundu ndi iwiri. Revolver ili ndi chigubu chozungulira cholowa zipolopolo 5 kapena 6, nthawi zambiri za .38 Special. Ndi yosavuta kuimvetsa ndipo sikakamira kawirikawiri, koma trigger yake, kachitsulo kokoka ndi chala kaja, ndi yolimba, kuikamo zipolopolo zina kumachedwa, ndipo zing'onozing'ono zopepuka zija zimapweteka m'manja. Pistol imadya zipolopolo kuchokera m'magazini, kabokosi kolowa m'chogwirira kaja, ndipo imalowa zambiri, koma imafuna kuidziwa bwino. Glock 19 ya ku Austria imalowa 15 ndipo ikadzaza imalemera pafupifupi magalamu 850. CZ ya ku Czech Republic, imene mtundu wake wotchuka wa CZ 75 unatuluka mu 1975, ili ndi okonda ambiri kuno. Palinso Beretta, Smith & Wesson, SIG Sauer ndi Taurus ya ku Brazil yotsikirapo mtengo. Vektor Z88 imene mumaiona pa malamba a apolisi ambiri inapangidwa kuno motsatira Beretta 92. Ndi yolimba koma yaikulu kwa munthu wofuna kuibisa m'malaya tsiku lonse.

Maganizo anga ndi akuti woyamba kumene atenge pistol yapakatikati ya 9mm. Anthu amathamangira kamfuti kakang'ono poganiza kuti n'kosavuta, makamaka pogulira amayi, koma zoona zake n'zosiyana. Mfuti ikachepa ndi kupepuka, imakankha kwambiri m'manja, pogwira pamachepa, ndipo kulasa chandamale kumavuta. Munthu amaiopa n'kusiya kuphunzira. Yaikulu kwambiri nayo imalemera, mapeto ake imatsala mu safe tsiku limene ikufunika.

Chipolopolo cha 9mm, chimene Georg Luger anapanga kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, chimapezeka m'sitolo iliyonse ya mfuti, n'chotsika mtengo poyerekeza ndi .40 kapena .45, ndipo asilikali ndi apolisi a mayiko ambiri amagwiritsa ntchito chomwecho. Kutsika mtengoko n'kofunika chifukwa ndiko kudzakulolani kuphunzira mwezi ndi mwezi.

Poyesa mfuti onani izi: kodi chala chikufika pa trigger popanda kupotoza dzanja? Mukutha kukoka slide, chitsulo chapamwamba chotsetsereka chija, mpaka kumapeto? Chala chachikulu chikufika pa batani lotulutsira magazini? Magazini ena, holster (chimake chonyamuliramo mfuti pathupi) ndi zipangizo zake zimapezeka kuno? Mfuti yogwiritsidwapo kale ntchito ndi yabwino ngati mukuigula kudzera kwa wogulitsa wovomerezeka ndipo wokonza mfuti waiona.

Zipolopolo zilinso pawiri. Zophunzirira ndi zija zokutidwa ndi chitsulo mpaka kunsonga, za FMJ. Zonyamula podziteteza ndi za hollow point, zobowoka kunsonga, zimene zimafutukuka zikalowa ndipo sizipyoza kwambiri n'kukavulaza wina kuseri. Wombani zingapo za mtundu umene mudzanyamule kuti mutsimikize kuti mfuti yanu ikuzidya bwino. Lamulo limalola zipolopolo zosapitirira 200 pa mfuti ya chiphaso chotere, ndipo za mfuti yanuyo basi.

Malamulo anayi

Jeff Cooper, msilikali wakale wa ku America amene anatsegula sukulu ya mfuti ku Arizona mu 1976, ndiye anatchukitsa malamulo anayi amene aphunzitsi kulikonse amayambira. Mfuti iliyonse muitenge ngati ili ndi chipolopolo. Musaloze kukamwa kwake chinthu chimene simukufuna kuchiwononga. Chala chisakhudze trigger mpaka mutaloza chandamale ndipo mwatsimikiza kuwombera. Dziwani chimene mukuwombera ndi chimene chili kuseri kwake.

Ubwino wa malamulowa ndi woti amatetezana. Mukaphwanya limodzi, ena atatu amakupulumutsani. Ngozi imachitika mukaphwanya awiri nthawi imodzi. Lachitatu ndilo lovuta, chifukwa chala chimathamangira chokha pa trigger, ndipo munthu akadzidzimuka kapena kupunthwa dzanja limafumbata lokha. Chizolowezeni kugona mowongoka m'mbali mwa mfuti, pamwamba pa trigger.

Phunziraninso kuchotsa zipolopolo mwa ndondomeko yake, osaisintha. Lozani kumalo kotetezeka. Tulutsani magazini kaye. Kenako kokani slide kawiri katatu, muikhomere kumbuyo, muyang'ane m'chipinda cha chipolopolo ndi maso, mupisemonso chala. Amene amayamba ndi kukoka slide magazini ili momwemo amatulutsa chipolopolo chimodzi n'kulowetsa china, kenako amachotsa magazini n'kumaganiza kuti mfuti ilibe kanthu. Ngozi zambiri za "ndimaipukuta" zimayambira pamenepa. Glock ndi zina zofanana nayo zimafuna kuti mukoke trigger pozimasula, choncho kuyang'ana kumeneku si kongokwaniritsa mwambo.

Kunyamula

Gawo 84 likunena kuti mfuti ya m'manja pagulu ikhale mu holster yomangirira pathupi, kapena m'chikwama choyenera, ikhale yobisika yonse, ndipo mukhale mukuilamulira nthawi zonse. Khadi la chiphaso muziyenda nalo chifukwa wapolisi ali ndi ufulu wolifunsa.

Holster yabwino imaphimba trigger yonse, imagwira mfuti osagwa ngakhale mutathamanga, ndipo sifwafwanyika mfuti ikachoka. Gulani yopangira mfuti yanuyo, ya pulasitiki yolimba ya Kydex kapena chikopa chokhuthala. Zansalu zolowa mfuti iliyonse zija zisiyeni, ndipo kusomeka mfuti m'thalauza popanda holster musakuyerekeze. Lamba akhale wolimba, apo ayi mfuti imapendama ndipo mumangoikonzakonza pagulu, aliyense n'kudziwa. Ambiri amanyamulira m'chiuno mkati mwa thalauza, chakumbali kapena kutsogolo. Kutsogolo kumabisa bwino ndipo kumatetezeka m'taxi yodzaza, koma kukamwa kwa mfuti kumaloza mitsempha ikuluikulu ya m'ntchafu, choncho kumafuna munthu wosamala kwambiri. Kwa amayi, chikwama cha m'manja ndicho choyamba kutsomphoredwa ndi mbava, ndipo ana amapisamo. Pathupi ndi pabwino koposa.

Pobwezera mfuti mu holster palibe chothamangira. Yang'anani, chotsani malaya kapena chingwe cha jekete chimene chingakole trigger, chala chikhale kunja, ndipo lowetsani pang'onopang'ono. Anthu ambiri amene anadziwombera mwendo anali kubwezera mfuti, osati kuisolola.

Tsiku lomwa mowa mfuti itsale mu safe. Gawo 120 limaletsa kugwira mfuti utaledzera, kuloza munthu popanda chifukwa chomveka, ndi kuwombera pamalo okhala anthu. Kuwombera m'mwamba pa Chaka Chatsopano kapena pofuna kuopseza ndi mlandu, ndipo chipolopolocho chimakagwera wina. Kumakhothi, kuzionetsero ndi malo ena mfuti siloledwa, ndipo abwana anu ali ndi ufulu wokukanizani kulowa nayo pantchito. Musamauze anthu kuti muli ndi mfuti, musaijambule n'kuika pa Facebook kapena WhatsApp. Zigawenga zimaifuna mfutiyo kuposa TV yanu.

Munthu wonyamula mfuti ayenera kukhala wofatsa kuposa onse. Wina akakutukwanani pamsewu, pepesani muzipita. Akakunenani kuti kwerekwere, mezani mate muchokepo. Mkangano uliwonse umene mwalowa uli ndi mfuti kale, yanuyo.

Ndipo mukamapita kumudzi, isiyeni. Chiphaso cha South Africa chimathera pa Beitbridge. Zimbabwe, Mozambique ndi Malawi ali ndi malamulo awoawo a mfuti, ndipo kupezeka nayo pa Nyamapanda, Zobue kapena Mwanza popanda zilolezo za mayikowo n'kumangidwa. Ikhomereni mu safe yanu kiyi mutenge, kapena mukaisungitse kwa wogulitsa mfuti wovomerezeka.

Kuphunzira kuwombera

Satifiketi ya competency ikufanana ndi laisensi ya galimoto: imakulolani kuyamba, sikusandutsani katswiri. Pezani mphunzitsi wa maphunziro odziteteza, ndipo konzani zopita kumalo owomberera kamodzi pamwezi. Zipolopolo 50 zowombera ndi cholinga zimaposa 200 zongophulitsa. Valani zotseka m'makutu ndi magalasi nthawi zonse. Kulira kwa pistol kumafika cha m'ma 160 decibel, ndipo makutu akawonongeka sabwerera. Mukamaliza sambani m'manja ndi sopo musanadye, chifukwa zipolopolo zili ndi mtovu, ndipo zovala zimenezo musanyamulire khanda.

Yambani ndi kagwiridwe. Dzanja lowombera ligwire m'mwamba momwe lingathere, dzanja linalo lidzaze mpata wotsala pa chogwirira ndipo lifinye mwamphamvu, zala zazikulu zonse ziwiri ziloze kutsogolo. Chala chachikulu chisakhale kumbuyo kwa slide, idzakuchekani. Miyendo italikirane ngati mapewa, mawondo apindike pang'ono, thupi liweramire kutsogolo. Dziwani diso lanu lolamulira: lozani chinthu chakutali ndi chala maso onse ali otsegula, tsinzinani limodzi kenako linalo, diso limene likatsala lotsegula chala sichisuntha ndilo lolamulira.

Chinsinsi chonse chili pa trigger. Ikokeni molunjika kumbuyo, mosalala, popanda kugwedeza mfuti. Wogwiritsa ntchito dzanja lamanja akaona zipolopolo zikugwera pansi chakumanzere, vuto si mfuti. Akuikankhira pansi poyembekezera kuphulika. Mankhwala ake ndi kuphunzira popanda zipolopolo kunyumba. Chotsani zipolopolo mwa ndondomeko ija, muzisiye m'chipinda china, lozani khoma la njerwa limene kuseri kwake kulibe munthu, ndipo kokani trigger mukuyang'ana kuti kolozera kakutsogolo kasagwedezeke. Mphindi 10 katatu pamlungu zimasintha munthu, ndipo n'zaulere. Mukamaliza nenani mokweza kuti "ndamaliza" ndipo musabwerezenso "kamodzi komaliza" mutabwezera zipolopolo. Ndi pamene makoma ndi ma TV amabowoka, nthawi zina anthu.

Pa chandamale yambani pa mamita 3. Zipolopolo zikamagwera pamodzi pamalo okwana chikhatho, pitani pa 5, kenako 7, kenako 10. Liwiro lidzabwera lokha, musalikakamize. Mukakhazikika, phunzirani kusolola mfuti mu holster mutavala zovala zimene mumavala masiku onse, poyamba popanda zipolopolo: kwezani malaya, gwirani zolimba mfuti isanatuluke, sololani, manja akumane pachifuwa, tambasulani. Phunzirani kuwombera ndi dzanja limodzi, chifukwa linalo lingakhale litanyamula mwana kapena foni. Phunzirani chochita mfuti ikakana: menyani magazini pansi kuti ikhazikike, kokani slide, onaninso ngati pakufunika kuwombera. Koma mukamva kulira kofooka kosazolowereka, imani pomwepo. Chipolopolo chingakhale chatsakamira mumpope, ndipo chachiwiri chingaphulitse mfuti m'manja mwanu.

Mu 1983 wapolisi wa ku Salt Lake City, Dennis Tueller, anaonetsa kuti munthu wa mpeni amene ali pa mamita pafupifupi 6 ndi theka angathe kukufikani m'sekondi imodzi ndi theka, nthawi yomwe wophunzira bwino amatenga posolola mfuti ndi kuwombera. Phunziro lake ndi loti mfuti yokha sikwanira. Maso akhale patsogolo, osati pa foni. Pofika pageti usiku yang'anani kaye. Ndipo wina akakulozani kale mfuti, kusolola yanu n'kudzipha. Perekani galimoto, perekani foni. Ofuna kuzolowera kuwombera mtima ukugunda alowe mipikisano ya makalabu a SADPA, bungwe la masewera owombera modziteteza, kumene amawombera kuchokera mu holster nthawi ikuwerengedwa.

Usiku, m'nyumba

Mfuti ikhale mpanda womaliza. Patsogolo pake pakhale magetsi a panja, galu, zitsulo za m'mawindo, ndi geti lokhoma pakhonde lopita kuzipinda zogona. Gwirizanani ndi banja lonse chipinda chimene aliyense athawiremo, amene atenge ana, ndi amene aimbe 10111 kapena 112 pa foni ya m'manja. Mukamva anthu m'nyumba musapite kukawasaka. Sonkhanitsani banja, khomani chitseko, khalani pamalo poti mukuona khomo, ndipo fuulani kuti apolisi akubwera. Akatenga TV n'kumapita, apite.

Pafupi ndi safe pakhale tochi yowala kwambiri, makamaka m'dziko lino lozimazima magetsi. Musawombere chithunzithunzi, phokoso kapena chitseko. Pa 14 February 2013 ku Pretoria, Oscar Pistorius anawombera kanayi pa chitseko chokhoma cha chimbudzi n'kupha Reeva Steenkamp. Iye anauza khothi kuti ankaganiza kuti muli wakuba. Mu December 2015 Supreme Court of Appeal inamupeza wolakwa pa mlandu wakupha, ponena kuti anadziwa kuti aliyense amene anali kuseri kwa chitsekocho akanatha kufa, ndipo panalibe chimene chinamuukira. Ganizirani nyumba zathu: mwana wamkulu wobwera mochedwa, m'bale amene basi yake yafika usiku ku Park Station, mnzanu wogona naye nyumba woweruka pakati pa usiku. Funsani mokweza kuti "Ndani?" ndipo muunikeni nkhope.

Ganiziraninso makoma. Njerwa zimaimitsa chipolopolo cha pistol nthawi zambiri, koma malata, matabwa, zitseko ndi mawindo ayi. Amene mumakhala m'zipinda za kuseri kwa nyumba kapena m'mafulati, yendani m'nyumba mwanu masana n'kuona mbali zimene kuli bedi la mwana kapena la oyandikana nawo, mudziwiretu kumene simungaloze zivute zitani.

Lamulo limalola kuwombera pokhapokha pamene inu kapena munthu wina akuukiridwa mosaloledwa, kuukirako kukuchitika kapena kwatsala pang'ono kuchitika, moyo uli pachiswe kapena pali ngozi yovulala kwambiri, ndipo palibe njira ina yabwino yopulumukira. Katundu yekha sakwanira kuchotsera munthu moyo, ngakhale wakuba. Wothawa simumuwombera kumsana, ndipo ngozi ikatha inunso mumaleka. Constitutional Court inatsindika kulemera kwa moyo kotereku pa mlandu wa Walters mu 2002, pamene inachepetsa mphamvu zowombera munthu wothawa kumangidwa.

Zikachitika

Onetsetsani kuti ngozi yatha, kenako onani ngati inu kapena a m'banja mwavulala, chifukwa thupi likatentha munthu samva bala. Imbani apolisi ndi ambulansi, mutchule malo, munene kuti munaukiridwa ndipo pali wovulala. Musasunthe kanthu, musatole makoko a zipolopolo, musakokere munthu m'nyumba monga ena amalangizira. Ofufuza amaona zonsezo ndipo zimasandutsa wodziteteza kukhala wabodza. Apolisi akamafika mfuti isakhale m'manja, manja aoneke, ndipo chitani zimene akunena. Apatseni dzina ndi chiphaso, muwaonetse mboni, koma nenani mwaulemu kuti chikalata chonse mudzalemba loya wanu ali pomwepo. Gawo 35 la malamulo aakulu a dzikoli limakupatsani ufulu umenewu. Mfuti adzaitenga kukaiyeza, mlandu udzatsegulidwa ngakhale mutakhala kuti simunalakwe, ndipo pa WhatsApp musalembepo kanthu.

Nambala ya loya ikhale kale m'foni mwanu ndi mwa akazi anu kapena amuna anu. Chitaninso maphunziro a chithandizo choyamba, makamaka kuletsa magazi, ndipo pafupi ndi safe musunge bandeji yokhuthala ndi lamba womangira mwendo kapena mkono wotaya magazi, uja amati tourniquet. Bala la mtsempha waukulu wa m'ntchafu limapha m'mphindi zochepa, ambulansi isanatuluke n'komwe pageti.